Malaŵi akasanduka MalaÅµi: vuto lili pati, ndipo tingalikonze bwanji?

Funso: Mnzanga amanditumizira fayilo ya CSV, ija yosunga mizere ndi makolamu ngati mawu wamba, yokhala ndi mayina ndi madeti. Pa kompyuta yake ya Linux imaoneka bwino, koma ine ndikaitsegula mu Excel, mawu akuti Malaŵi akuoneka ngati MalaÅµi, ndipo ng’ombe ikuoneka ngati ngâ€™ombe. Madeti ena atembenuka, tsiku lasanduka mwezi. Ndilinso ndi pulogalamu ina yakale imene ndikalembamo ŵ imaika mfunsiro m'malo mwake. Ndasintha chilankhulo cha Windows koma palibe chasintha. Naye mnzangayo akuti pulogalamu ina kwawoko imadandaula kuti "Locale not supported by C library". Kodi ndi vairasi, kapena ndingoikanso Windows?

Yankho: Si vairasi ayi, ndipo kuikanso Windows kungangokutayitsani nthawi. Musanachite china chilichonse, tengani fayilo ija monga mmene inabwerera, muikopere pamalo ena, ndipo zoyesayesa zonse muzichitira pa kopeyo. Ndayambira pamenepa chifukwa nthawi zambiri fayilo imene ikuoneka yowonongeka imakhala ili bwinobwino, yangowerengedwa molakwika. Imadzawonongeka zenizeni munthu akadina Save zilembo zili zosokonekera choncho.

Mavuto mwatchulawa akuoneka ngati amodzi, koma lililonse lili ndi gwero lake. Ubwino wake ndi wakuti maonekedwe a zilembo zosokonekerazo amakuuzani okha pamene pali vuto, bola mudziwe kuwawerenga.

Kompyuta sisunga zilembo, imasunga manambala. Baiti imodzi imanyamula nambala imodzi, kuyambira 0 mpaka 255. Kuti nambalayo ioneke ngati chilembo pa sikirini, pulogalamu imachita ngati ikuyang'ana mu kaundula wonena kuti nambala yakutiyakuti ndi chilembo chakutichakuti. Kaundula ameneyu ndi amene amatchedwa encoding. Wakale kwambiri amene tikumugwiritsabe ntchito ndi ASCII, wa m'chaka cha 1963, ndipo ali ndi malo 128 okha: zilembo za Chingerezi, manambala ndi zizindikiro zochepa. Pa malo 128 amenewa pafupifupi makompyuta onse amagwirizana, A wamkulu ndi 65 kulikonse. Mkangano unayambira pa manambala otsalawo, 128 mpaka 255, chifukwa chigawo chilichonse cha dziko chinadzazamo zilembo zake. Windows-1252 inaikamo zilembo za zilankhulo za kumadzulo kwa Ulaya, Windows-1251 inaikamo za Chirasha ndi zilankhulo zina zolembedwa chimodzimodzi, Windows-1253 za Chigiriki. Nambala imodzimodziyo imatanthauza zilembo zitatu zosiyana.

Unicode inabwera mu 1991 kudzathetsa mkangano umenewu popatsa chilembo chilichonse nambala yakeyake. Ya ŵ ndi U+0175. Koma nambala zoterezi sizikwana mu baiti imodzi, choncho mu 1992 Ken Thompson ndi Rob Pike anakonza UTF-8, njira yolembera chilembo chimodzi ndi baiti imodzi, awiri, atatu kapena anayi. Zilembo za ASCII zimatenga baiti imodzi monga kale. Zina zonse zimatenga ochulukirapo.

Tsopano tiyang'ane mawu anu aja pafupi. Malaŵi ali ndi zilembo 6, koma mu UTF-8 amatenga mabaiti 7, amene m'kalembedwe ka hexadecimal, kolemba baiti iliyonse ndi zizindikiro ziwiri zochokera pa 0 mpaka 9 ndi A mpaka F, amaoneka motere: 4D 61 6C 61 C5 B5 69. Awiri aja, C5 ndi B5, ndi ŵ mmodzi. Excel itatsegula fayiloyo sinadziwe kuti ndi UTF-8, ndiye inawerenga baiti iliyonse payokha motsatira Windows-1252. M'menemo C5 ndi Å, B5 ndi µ. N'chifukwa chake mwaona MalaÅµi. Nkhodolero yopindika ija ya mu ng’ombe, imene mapulogalamu monga Word amaika okha m'malo mwa yowongoka ya pa kiyibodi, imatenga mabaiti atatu, E2 80 99, ndipo atatuwo akawerengedwa payekhapayekha amatuluka â, € ndi ™. Palibe baiti imene yasowa. Mukafuna kudzionera nokha, tsegulani PowerShell mulembe Format-Hex kenako dzina la fayiloyo. Pa Linux ndi hexdump -C. Mudzawapeza C5 B5 ali pamalo pawo.

Choncho mukaona chilembo chimodzi chasanduka ziwiri kapena zitatu zachilendo, makamaka zoyamba ndi Ã, Å kapena â, dziwani kuti ndi UTF-8 imene yawerengedwa ngati Windows-1252. Mukaona kachizindikiro kakuda kooneka ngati dayamondi kokhala ndi mfunsiro mkati,  , zachitika mosemphana: fayilo ndi ya encoding yakale, koma pulogalamu ikuiwerenga ngati UTF-8, yakumana ndi baiti imene siikwanira m'malamulo a UTF-8. Fayilo ikayamba ndi ï»¿ ndiye kuti ndi UTF-8 yokhala ndi chizindikiro chake cha kumayambiriro, ndipo ikayamba ndi ÿþ zilembo n'kumaoneka zotalikiranatalikirana, imeneyo ndi UTF-16. Zonsezi zimakonzeka, kupatula ngati fayilo inasevedwa   kachizindikiro ka dayamondi kaja kali momwemo.

Gwero la vuto la CSV ndi lakuti fayilo yoteroyo ilibe malo olembapo kuti ili mu encoding yanji. Ndi mabaiti okhaokha. Mukaitsegula poidina kawiri, Excel imangoganizira, ndipo imasankha encoding yakale ya kompyuta yanu. Njira yabwino ndi kutsegula Excel kaye, kupita pa Data, kusankha From Text/CSV, kenako pa File Origin kusankha 65001: Unicode, imene ndi UTF-8. Pawindo limenelo mumaona mizere yoyambirira isanalowe, ndipo mukangosankha 65001 mudzaona MalaÅµi akubwerera kukhala Malaŵi pomwepo. LibreOffice Calc imafunsa funso limeneli nthawi iliyonse mukamatsegula CSV, pa Character set, ndipo pa nkhani imeneyi ndimaona kuti imachita bwino kuposa Excel, chifukwa siganizira mwakachetechete.

Ngati mafayilowa azibwera kawirikawiri, kambiranani ndi mnzanuyo. Atha kumaika BOM kumayambiriro kwa fayilo. Amenewa ndi mabaiti atatu, EF BB BF, amene Excel ikawaona imadziwa kuti ndi UTF-8 ngakhale mutaitsegula poidina kawiri. Inunso mukamatumiza kwa ena, Excel zatsopano zili ndi CSV UTF-8 pa mndandanda wa Save As, yosiyana ndi CSV wamba. Koma ngati fayiloyo ndi yoti anthu aziwerenga, osati yolowetsa mu pulogalamu ina, musavutike ndi CSV. Tumizanani XLSX kapena ODS. Mafayilo amenewa amanena okha encoding yawo mkati, ndipo madeti amawasunga ngati madeti.

Nanga ngati munaseva kale? Pali chiyembekezo ndithu, malinga ndi mmene munasevera. Tinene kuti pulogalamu inatenga Å ndi µ ngati zilembo zenizeni n'kuzilemba mu UTF-8. Ndiye kuti mabaiti awiri aja asanduka anayi, ndipo tsopano ngakhale musankhe 65001 mudzaonabe MalaÅµi. Mukaitsegula ngati Windows-1252 mudzaona zoopsa kwambiri, MalaÃ…Âµi, ndipo nkhodolero idzakhala Ã¢â‚¬â„¢. Kukonza kwake ndi kubwerera njira yomwe fayilo inadzera. Pa Linux kapena macOS lembani izi:

iconv -f UTF-8 -t WINDOWS-1252 yowonongeka.csv > yokonzedwa.csv

Zikuoneka ngati zotembenuka, koma chotuluka chake ndi mabaiti oyambirira aja, amene ndi UTF-8 yabwinobwino. Nthawi zina lamuloli limaima panjira, chifukwa Windows-1252 ili ndi malo asanu opanda chilembo, 81, 8D, 8F, 90 ndi 9D, ndipo mwachitsanzo mtengero wotsekera wopindika uli ndi 9D mkati mwake. Zikatero malo amenewo mukonza pamanja.

Pa Windows, Notepad++ imagwira ntchito yomweyi, koma samalani ndi menyu yake ya Encoding, chifukwa ili ndi zinthu ziwiri zimene anthu amazisokoneza. Kusankha UTF-8 kapena ANSI kumtunda kwa menyuyo kumangosintha mmene fayilo ikuwerengedwera, mabaiti osakhudzidwa. Zimene zikuyamba ndi Convert to zimalembanso mabaitiwo. Mu Visual Studio Code kusiyana komweku kuli pakati pa Reopen with Encoding ndi Save with Encoding. Yambani ndi kuwerenganso, yesani encoding zosiyanasiyana mpaka mawu aoneke bwino, ndipo pokhapo m'pamene musinthe fayilo kuti ikhale UTF-8. Anthu ambiri amathamangira Convert to UTF-8 zilembo zikadali zosokonekera, n'kukhomerera vutolo m'fayilo. Pa fayilo yosevedwa kale ija, dinani Convert to ANSI kenako musankhe UTF-8 kumtunda, malinga ngati kompyuta yanu ili pa Windows-1252.

Mawu akuti ANSI amenewa ndi osocheretsa kwambiri. Si dzina la encoding imodzi. Amatanthauza encoding yakale iliyonse imene kompyutayo yaikidwa. Fayilo ya ANSI yolembedwa ku Moscow ndi ya ANSI yolembedwa ku London zili ndi kaundula wosiyana. Kwa zaka zambiri Notepad inkaseva mu ANSI munthu akapanda kusankha, mpaka mu 2019 pamene Microsoft inasintha kuti izisankha UTF-8.

Tibwere ku pulogalamu yanu yakale imene ikuika mfunsiro. Ili ndi vuto lina, ndipo ndi loipa kuposa loyamba lija. Windows yeniyeniyo mkati mwake imagwiritsa ntchito Unicode, koma mapulogalamu ambiri akale analembedwa kuti azilandira chilembo chilichonse mu baiti imodzi. Mukalemba ŵ, Windows imafunafuna chilembocho mu Windows-1252 kuti ipatse pulogalamuyo, ndipo sichimapezeka. Ndiye imaika mfunsiro, kapena nthawi zina w wopanda kachipewa. Mfunsiro umenewo ndi weniweni, baiti 3F, wofanana ndi umene mungalembe pa kiyibodi. Chilembo choyambirira chatayika, ndipo palibe encoding imene mungasankhe kuti chibwerere. Mayina amene anasungidwa choncho muyenera kuwalembanso kapena kuwatenga ku kope lina.

Mwati munasintha chilankhulo cha Windows koma palibe chinasintha. Sizodabwitsa, chifukwa Windows ili ndi malo anayi osiyana okhudza chilankhulo, ndipo anthu amasintha loonekera kwambiri. Display language imangosintha mawu a pa menyu. Keyboard imasankha chilembo chimene chituluke mukadina batani. Regional format imalamulira madeti, manambala ndi ndalama. Lachinayi, lobisika kwambiri, ndi system locale, limene limasankha encoding ya mapulogalamu akale. Kuti mulipeze dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani intl.cpl, pitani pa Administrative, kenako Change system locale. Pamafunika mphamvu za administrator, ndipo kompyuta iyenera kuzimitsidwa n'kuyatsidwanso.

Malo amenewa amathandiza kwambiri ngati pulogalamu yakale inalembedwera Chirasha, Chijapanizi kapena Chigiriki ndipo menyu yake ikuoneka zosamveka: mukasankha chilankhulo chimenecho, zonse zimawongoka. Koma pa ŵ musayembekezere zambiri. Mwa ma encoding akale a Windows kuyambira 1250 mpaka 1258, palibe ngakhale imodzi imene ili ndi chilembo chimenechi. Encoding yakale imene ili nacho ndi ISO 8859-14, imene inakonzedwera zilankhulo monga Welsh, ndipo siili pa mndandanda wa system locale.

Pawindo lomwelo pali kabokosi kolembedwa Beta: Use Unicode UTF-8 for worldwide language support, kamene kanabwera mu Windows 10 m'chaka cha 2018. Mukakachonga, mapulogalamu akale amayamba kupatsidwa UTF-8. Ena amaulandira bwino ndipo ŵ amaoneka. Ena amasokonezeka, chifukwa analembedwa poganiza kuti chilembo chimodzi ndi baiti imodzi: amadula mayina pakati pa chilembo, amawerenga utali wa mawu molakwika, ena amakana kutseguka kumene. Komanso zimene munasunga kale mu Windows-1252, monga é kapena nkhodolero yopindika, zikhoza kuyamba kuoneka ngati kachizindikiro ka dayamondi kaja  . Ndipo kabokosika kamakhudza mapulogalamu akale onse pa kompyutapo, osati imodzi yokhayo. Malangizo anga ndi akuti musunge kope la deta yonse ya pulogalamuyo kaye, muyese, ndipo mukaona chachilendo chilichonse muchotse chongacho musanalembemo china chatsopano. Ngati pulogalamuyo ili ndi mtundu watsopano wodziwa Unicode, kusamukirako ndiye mankhwala enieni.

Mtundu wina wa vuto simunautchule, koma mudzakumana nawo: timabokosi topanda kanthu m'malo mwa zilembo. Apa encoding ili bwino, kompyuta ikudziwa chilembocho, koma fonti imene mwasankha ilibe chithunzi chake. Kopani kabokosiko mukaike mu pulogalamu ina, mudzaona chilembo chenicheni chikutuluka. Sinthani fonti basi. Arial, Times New Roman, DejaVu Sans ndi Noto Sans zonse zili ndi ŵ. Mafonti okongoletsa a pa mitu ndi amene kawirikawiri amasowa zilembo zotere.

Palinso kena kamene kamazunguza anthu mutu pofufuza dzina. Unicode imalola kulemba ŵ m'njira ziwiri: ngati chilembo chimodzi, U+0175, kapena ngati w wotsatiridwa ndi kachipewa kapadera, U+0302. Pa sikirini n'zofanana, koma mabaiti ndi osiyana, ndipo mapulogalamu ena mukafufuza njira imodzi sapeza inayo. Mayina a mafayilo ochokera pa makompyuta a Mac, makamaka akale, amakonda kubwera m'njira yachiwiriyi.

Za madeti tsopano. Izi sizikukhudzana ndi encoding, ndi za regional format, ndipo kwa ine ndi zoopsa kuposa zonse chifukwa sizioneka. MalaÅµi aliyense amaona kuti palakwika. Koma 03/04/2024 amaoneka bwinobwino, pamene kwa munthu wa ku Britain ndi 3 Epulo, kwa wa ku United States ndi 4 Malichi. Mu CSV deti limangokhala mawu, ndipo Excel imalimasulira motsatira regional format ya kompyuta yanu. Ngati yanu ili pa English ya United States, 03/04/2024 imalowa ngati 4 Malichi popanda chenjezo lililonse, pamene 25/04/2024 imakanika chifukwa kulibe mwezi wa 25, ndiye imangotsala ngati mawu wamba. Yang'anani kolamu ya madetiyo: mudzapeza ena atsamira kumanja, ena kumanzere. A kumanzerewo ndi amene Excel yalephera kuwamva. A kumanjawo ndi amene yawamva, mwina molakwika. Musawakonze limodzilimodzi. Tsekani osaseva, mulowetsenso fayilo kudzera pa From Text/CSV, musankhe Transform Data, ndipo pa kolamu ya madeti mugwiritse ntchito Change Type kenako Using Locale, n'kusankha dziko logwirizana ndi mmene wolembayo analembera. Kutsogoloku gwirizanani kulemba madeti motsatira ISO 8601, kuyamba ndi chaka, kenako mwezi, kenako tsiku: 2024-04-03. Kalembedwe kameneka sikasokoneza munthu kapena pulogalamu.

Manambala nawo ali ndi msampha womwewu. M'mayiko monga Germany ndi France, mpatuliro ndi umene umagwira ntchito ya kadontho ka desimo, moti 1,500 kumeneko ndi imodzi ndi theka, osati 1500. Ndipo popeza mpatuliro wagwidwa ntchito imeneyo, Excel pa makompyuta oterowo imalekanitsa makolamu a CSV ndi chizindikiro cha ; m'malo mwake. Mukadzatsegula CSV n'kupeza mzere wonse wapanikizana mu kolamu imodzi, chifukwa chake ndi chimenechi. Mu intl.cpl, pa Additional settings, muona Decimal symbol ndi List separator. Koma ndi bwino kusankha cholekanitsa choyenera polowetsa fayilo kusiyana ndi kusintha kompyuta yonse chifukwa cha fayilo imodzi.

Uthenga wa mnzanu uja, wa Locale not supported by C library, ukutanthauza kuti kompyuta yauzidwa kugwiritsa ntchito locale, kutanthauza makonzedwe a chilankhulo, zilembo, madeti ndi manambala, imene siinakonzedwe pa makinawo, ndiye pulogalamu yabwerera ku locale ya C, imene imangodziwa ASCII. Auzeni atsegule terminal alembe locale. Lamuloli lionetsa zimene zaikidwa: LANG, LC_CTYPE ya zilembo, LC_TIME ya madeti, LC_NUMERIC ya manambala ndi zina. Kenako alembe locale -a kuti aone ma locale amene alipodi. Dzina lililonse la pa mndandanda woyamba liyenera kupezeka pa wachiwiri, ngakhale kuti pamenepo UTF-8 amalembedwa kuti utf8. Kawirikawiri mudzapeza kuti LANG ili bwino koma LC_TIME kapena LC_NUMERIC ikuloza ku locale ya dziko lina imene siinapangidwe. Pa Debian ndi Ubuntu, sudo dpkg-reconfigure locales imapereka mndandanda wosankhapo, ndipo asankhe zothera ndi UTF-8, monga en_GB.UTF-8. Pa Arch amachotsa chizindikiro cha # kumayambiriro kwa mzere woyenera mu /etc/locale.gen n'kulemba locale-gen.

Pali zinthu ziwiri zoti asamale nazo. LC_ALL ikaikidwa imaposa zina zonse, kenako pamabwera ma LC enawo, LANG n'kukhala pomalizira. Anthu ambiri amaika LC_ALL=C penapake kuti atseke pakamwa uthenga wodandaulawo, ndipo uthengawo umalekadi, koma zilembo zonse zosakhala za ASCII zimayamba kuvuta. LC_ALL ndi yoyesera lamulo limodzi kwakanthawi, si yoikiratu. Chachiwiri, ngati pulogalamu ikuyenda bwino akaitsegulira mu terminal koma ikuvuta akaitsegulira pa menyu, ndiye kuti locale anailemba mu .bashrc, fayilo imene mapulogalamu otsegulidwa pa menyu saiwerenga. Malo ake ndi /etc/default/locale pa Debian ndi Ubuntu, kapena /etc/locale.conf pa Fedora ndi Arch, ndipo lamulo lakuti sudo localectl set-locale LANG=en_GB.UTF-8 limalemba pamalo oyenerawo lokha. Akatha atuluke mu akaunti yawo n'kulowanso, chifukwa mapulogalamu amatenga locale pa nthawi imene munthu akulowa. Ngati ndi pulogalamu imodzi yokha imene ikufuna locale yosiyana ndi zinzake, asasinthe kompyuta yonse: akopere fayilo yake ya .desktop mu ~/.local/share/applications, ndipo pa mzere wa Exec aike env LANG=en_GB.UTF-8 patsogolo pa dzina la pulogalamuyo.